Kupikisana Monga mwa Malamulo: Phunziro la m'Maseŵera Akale

ALIYENSE woloŵa m'bwalo la maseŵera ku Olympia, m'Girisi wakale, anafunikira kudutsa choyamba pamzera wa mafano amkuwa a mulungu wotchedwa Zeus. Mafanowo anapangidwa ndi ndalama zolipiritsa awo amene anachita chinyengo pampikisano. Asanu ndi limodzi oyambirira anaimikidwa mu 388 B.C.E., pamene wankhonya wina wa ku Thessaly, Eupolus, anapereka chiphuphu kwa anzake atatu opikisana nawo. Miyala 16 imene mafanowo anaimikidwapo idakalipo kufikira lerolino.

Chotero pamene mtumwi Paulo anakumbutsa Timoteo kuti wopikisana m'maseŵera sapatsidwa nkhata ngati sanatsatire malamulo, anali kunena chinthu chimene ngakhale mwana wa ku Girisi anachidziŵa. (2 Timoteo 2:5) Kodi maseŵerawo anali otani? Ndipo kodi nchifukwa ninji mtumwiyo anawatchula kaŵirikaŵiri pophunzitsa za moyo Wachikristu?

Mapwando Anayi a Milungu

Agiriki anali ndi maseŵera aakulu anayi. A ku Olympia, amene mwamwambo amati anayamba mu 776 B.C.E., anachitika kamodzi pazaka zinayi zilizonse polemekeza Zeus, ndipo wopambana anavekedwa nkhata ya masamba a azitona wakuthengo. A ku Delphi analemekeza Apollo, pamene a ku Nemea analemekezanso Zeus. A ku Isthmia, pafupi ndi Korinto, anachitika kamodzi pazaka ziŵiri zilizonse polemekeza Poseidon, mulungu wa nyanja, ndipo nkhata yake inali ya masamba a paini kapena ya chomera chouma cha celery.

Onseŵa anali mapwando achipembedzo. Ku Olympia, ng'ombe zamphongo 100 zinaperekedwa nsembe pakati pa phwandolo, pafupi ndi kachisi mmene munali fano la Zeus la golidi ndi minyanga ya njovu, lotalika pafupifupi mamita 12. Opikisanawo anathamanga ali maliseche. Nchifukwa chake Ayuda okhulupirika ananyansidwa pamene mkulu wa ansembe Jason anamanga malo ochitira maseŵera Achigiriki m'Yerusalemu cha mu 175 B.C.E., m'masiku a Antiochus IV Epiphanes.

Paulo anakhala m'Korinto chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi, akumasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. (Machitidwe 18:1-3, 11) Mzindawo ndiwo unali kuyang'anira maseŵera a ku Isthmia, ndipo anthu ake anali kuwanyadira. Mtumwiyo sanavomereze mafano ndi nsembe zake. Komabe, anaona mwa othamangawo mikhalidwe imene ikanachititsa manyazi Mkristu waulesi.

Miyezi Khumi ya Kudziletsa

Munthu sanali kungodzuka mmaŵa nkuloŵa mumpikisano. Ku Olympia, wopikisana aliyense anaima pamaso pa fano la Zeus, pambali pa nthuli za nyama ya nguluŵe, nalumbira kuti anadzikonzekeretsa mosaphonya kwa miyezi khumi. Atate wake, abale ake, ndi mphunzitsi wake analumbiranso kuti sadzachita chinyengo. Mwezi womalizira maseŵera asanayambe, onse anakhala mumzinda wa Elis moyang'aniridwa ndi oweruza, amene anali ndi mphamvu ya kuchotsa aliyense wosakonzekera bwino. Wothamanga wonyamuka chizindikiro chisanaperekedwe anakwapulidwa pamaso pa khamu lonse, ngakhale kuti anali mfulu.

Paulo anauza Akorinto kuti opikisana oterowo amadziletsa m'zinthu zonse kaamba ka nkhata imene imafota. (1 Akorinto 9:25) Mawu ameneŵa anafika panthaŵi yake. Mumpingo wa ku Korinto munali dama, magaŵano, kusumirana kumakhoti, ndipo ena anali kuledzera ngakhale pa Mgonero wa Ambuye. Mnansi wawo wolambira Poseidon anali kudzimana vinyo ndi zakudya zonona kwa miyezi yambiri kuti apate masamba ouma. Nanga iwo, amene analonjezedwa moyo wosatha, anali kudzimana chiyani?

Funso limenelo likali lamphamvu. Mkristu amene amakana kudzaza chikho kachiŵiri, amene amatseka pakamwa pake pamene mkwiyo wafika pakhosi, kapena amene amabweza ndalama zimene wogula wapitiriza mosadziŵa, ali pakukonzekera kofananako. Palibe khamu lomuombera m'manja panthaŵiyo, monga momwe panalibe womuombera wothamanga pa miyezi khumi ija. Koma Woweruza amaona.

Kuthamanga ndi Kuponya Nkhonya

Mpikisano wakale koposa unali liŵiro la utali umodzi wa bwalo, mamita 192 ku Olympia. Pambuyo pake anawonjezapo la kupita ndi kubwerera, ndiponso la mtunda wautali la makilomita angapo. Pa liŵiro lalifupi chotero, kucheuka kamodzi kokha kunali kokwanira kutayitsa munthu mphotho. Paulo analemba kuti iye anaiŵala zakumbuyo nakalimira zamtsogolo. (Afilipi 3:13, 14) Zakumbuyo zake zinaphatikizapo ulemu umene anali nawo monga Mfarisi, ndiponso liwongo la kuzunza mpingo. Zonse ziŵirizo zikanamchedwetsa. Lerolino ena amacheukira ntchito yapamwamba imene anaisiya kaamba ka chikumbumtima, pamene ena amacheukira tchimo limene analapa kalekale nakhululukidwa. Kalata ya kwa Ahebri imalangiza othamanga Achikristu kuvula cholemera chilichonse ndi kupenyetsetsa Yesu. (Ahebri 12:1, 2)

Nkhonya za Agiriki zinali zoopsa. Omenyanawo anakulunga manja awo ndi zingwe zachikopa, ndipo m'nthaŵi ya Aroma zingwezo zinaikidwa zitsulo. Panalibe nthaŵi yopuma. Nkhondoyo inapitirira kufikira mmodzi atakomoka kapena atatukula chala kuvomereza kugonja. Nkhonya iliyonse yophonya inali mphamvu yotayika. Paulo ananena kuti sanali kumenya mphepo, ndipo anatchula mdani amene nkhonya zake zinalunjikapo, thupi lake la iye mwini. Liwu Lachigiriki limene anagwiritsira ntchito limatanthauza kumenya munthu mmunsi mwa diso. Iye sanali kulimbikitsa kudzivulaza. Anali kunena za kuchita mwamphamvu ndi zilakolako zoipa, kuwopera kuti atalalikira kwa ena, iye mwini angapezeke wosayenerera. (1 Akorinto 9:26, 27) Ngati mtumwi anawopa zimenezo, palibe mkulu, mlaliki, kapena kholo limene lingadziyese lotetezereka chifukwa cha zaka zambiri za utumiki.

Pamene Maseŵera Anasanduka Mwazi

Aroma anakonda kupenyerera kuposa kupikisana. Mu 264 B.C.E., amuna asanu ndi mmodzi anamenyana aŵiriaŵiri ndi zida pamaliro a munthu wina wolemekezeka mu Roma. Mwambo wapamaliro umenewo unakula nukhala chosangulutsa cha mtundu wonse. Bwalo la Colosseum, lokhalamo anthu pafupifupi 50,000, linatsegulidwa ndi Mfumu Titus mu 80 C.E. ndi maseŵera a masiku 100. Wolemba mbiri Cassius Dio akusimba kuti Trajan, pokondwerera kugonjetsa kwake Dacia, anachititsa maseŵera a masiku 123 mmene amuna 10,000 anamenyana ndipo nyama 11,000 zinaphedwa. Ambiri a omenyanawo anali akapolo, akaidi ankhondo, ndi oweruzidwira imfa.

Akristu anadziŵa mabwalo oterowo ali pakati pake. Tacitus akusimba kuti pambuyo pa moto wa mu Roma mu 64 C.E., Nero anaveka ena a iwo zikopa za nyama kuti akhadzulidwe ndi agalu pamaso pa openyerera. Cha mu 200 C.E., Tertullian wa ku Carthage analemba buku lolangiza okhulupirira kupeŵa zionetsero zimenezo, chifukwa cha chiyambi chake cha mafano ndi chifukwa cha zimene zinachita pamtima wa wopenyerera. Lerolino chiwawa chimafika m'nyumba pa wailesi yakanema ndi pafoni. Mkristu amachita bwino kudzifunsa ngati angakondwere ndi zimene Mulungu amadana nazo nakhalabe ndi mtima wachifundo. (Salmo 11:5)

Zimenezi sizikutanthauza kuti kulimbitsa thupi nkoipa. Paulo anavomereza kuti kuli ndi phindu lake, ngakhale kuti nlochepa poliyerekezera ndi la kudzipereka kwaumulungu. (1 Timoteo 4:8) Maseŵera a mpira a achichepere madzulo angakhale otsitsimula, malinga ngati mzimu wa kunyozana ndi njiru sunaloŵepo. (Agalatiya 5:26)

Nkhata Ziŵiri

Pamaseŵera a Agiriki, mmodzi yekha ndiye anavekedwa nkhata. Wachiŵiri anabwerera kwawo chimanjamanja. Mpikisano Wachikristu ngwosiyana, pakuti onse omaliza mokhulupirika amalandira mphotho, ndipo wothamanga angaime kuti adzutse mbale wake wakugwa popanda kutaya kanthu.

Oweruza a maseŵera akale analinso anthu wamba okhoza kugulidwa ndi kuwopsezedwa. Mu 67 C.E., Mfumu Nero anapikisana ku Olympia pagareta lokokedwa ndi akavalo khumi. Anagwa pagaretalo ndipo sanamalize liŵirolo, komabe oweruza anamveka nkhata, iye nawapatsa ndalama zambiri ndi unzika wa Roma. Chaka chotsatira Nero anadzipha, ndipo akuluakulu a ku Elis sanaŵerengere maseŵera amenewo m'mabuku awo.

Mu ulamuliro wa Nero yemweyo, Paulo anali womangidwa unyolo m'ndende ya ku Roma, atasiyidwa ndi ambiri, akumayembekezera imfa. Malinga nkuona kwa anthu, iye anali wolephera. Komabe analembera Timoteo kuti anali atamaliza liŵiro lake nasunga chikhulupiriro, ndi kuti Ambuye, woweruza wolungama, anali atamsungira nkhata ya chilungamo, iye pamodzi ndi onse okonda kuonekera kwake. (2 Timoteo 4:6-8) Woweruza ameneyo salandira chiphuphu ndipo sawopa mfumu iliyonse. Mkazi wamasiye wokalamba, wachichepere wosekedwa pasukulu, ndi atate wovutika kudyetsa banja lake moona mtima, onse angathamange ndi chidaliro chakuti kupirira kwawo kukuŵerengedwa, ndi kuti nkhata yosafota ya ulemerero idzakhala yawo. (1 Petro 5:4)