Kampani ya mwana wathu ilembetsedwe kuti?

Amayi anzathu, nkhani iyi inatipeza tili pa mkeka tikusoka. Mtsikana wina amene anakulira m'manja mwathu amagulitsa madengu a mlaza pa intaneti, ndipo ogula ake ambiri ali ku Britain. Tsopano akufuna kuti bizinesi yake ikhale kampani ya "limited". Anzake akumuuza kuti asavutike ndi kaundula wa kuno kwathu, akalembetse ku Companies House ya ku Britain konko.

Zokopa zilipo ndithu. Munthu amalembetsa pa intaneti ali kunyumba, safunika kukhala nzika ya dzikolo, ndipo nthawi zambiri zimatheka m'tsiku limodzi. Mu 2024 malipiro ake anakwera kuchoka pa mapaundi 12 kufika pa 50, komabe anthu sanaleke. Chofunika ndi keyala ya m'dzikomo, imene ena amachita kubwereka ndi ndalama. Akatero atha kulandira malipiro a makhadi kudzera ku Stripe, imene silandira mabizinesi olembetsedwa ku Malawi. Choncho sitinganene kuti mwanayu wachita dyera.

Chimene chinatiimitsa singano ndi liwu lakuti "limited". Tanthauzo lake n'lakuti kampani imaima payokha ngati munthu. Ikagwa, amene inawakongola amagawana za kampani zokha, nyumba ndi mbuzi za mwini wake sizikhudzidwa. Lamuloli ndi labwino, limapatsa munthu mtima woyesa malonda. Koma ngongole siuluka ngati utsi. Mwini kampani akapulumuka, wina amaisenza.

Wina ameneyo ndani? Ndi amayi oluka madengu aja, amene amapereka katundu wawo pa chikhulupiriro n'kumadikira kutha kwa mwezi. Zinthu zikasokonekera, ndalama zili m'banki ya ku London, iwo akadandaule kwa yani? Amfumu sangaitanitse kampani yotere pabwalo, ndipo mayi wosowa ndi ya minibasi yomwe sangatsate mlandu kutsidya kwa nyanja.

Ife amene tinagwirapo unamwino tikukumbukira kuti mayina athu ankalembedwa m'kaundula wa bungwe la anamwino ndi azamba, ndipo tikapereka mankhwala tinkasaina. Pa utsikana wathu tinkayesa kuti ndi ulemu chabe. Tinadzazindikira mochedwa kuti ankafuna kuti wodwala amene talakwira adziwe khomo logogoda. Kaundula wa makampani ntchito yake ndi yomweyo, ndipo ku London khomolo likhala pafupi ndi wogula, kutali ndi woluka.

Sitinamuletse mwanayo. Tinamupempha kuti kulikonse kumene alembetse, afunse za msonkho wa MRA pa ntchito yochitikira kuno, ndiponso kuti dengu lisachoke m'manja mwa woluka lisanalipidwe. Iye anayankha kuti mpamba wolipiriratu alibe. Nkhaniyi taitumiza ku banki m'khonde yathu, ndipo ikambidwa Lachinayi likudzali.