Kodi malamulo ndi ntchito ya manja?

Mphwanga wina atandiuza kuti akufuna kukaphunzira za malamulo pa koleji ya zaumisiri, osati ku yunivesite ku Zomba, ndinaseka. "Iwe, malamulo asanduka ukalipentala?" Iye anayankha mwaulemu: "Amalume, uloya ayi. Ndikufuna ntchito ya paralegal, kapena ukalaliki wa kukhoti." Usiku umenewo ndinagona mochedwa.

Funso limene linandisowetsa tulo ndi ili: kodi nkoyenera kumupatsa munthu theka la nzeru za malamulo, nkumutumiza kwa anthu amene ufulu wawo uli pachiswe?

Okana ali ndi mfundo, tisawanyoze. Kalipentala akaphonya muyeso, chowonongeka ndi thabwa. Koma wolangiza za malamulo akaphonya, mayi wamasiye aluza munda. Kalaliki akasokoneza fayilo, munthu aiwalika pa rimandi.

Komabe tiyeni tikumbuke kumene tachokera. Kuyambira 1969, makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ngakhale ya kupha, ndipo maloya sankaloledwa kuimira munthu m'menemo. Mu 1983 khoti lotere linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe pa mlandu woukira boma. Onse awiri anali akatswiri a malamulo. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati maphunziro apamwamba sanawateteze iwowa, ndiye kuti chilungamo sichikhala m'mutu mwa ophunzira ochepa. Chimafuna anthu ambiri odziwa malamulo, okana kulakwira mnzawo.

Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, pa gawo 42 amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mawu okoma zedi. Nanga amawerenga maolawo ndani? Loya wa mu Blantyre sadziwa nkomwe kuti kumudzi kwanu kwamangidwa mnyamata. Amene ali pafupi ndi wapolisi wa pa kauntala, kalaliki ndi paralegal. Mu 2000 ma paralegal atayamba kulowa m'ndende zathu, ankaphunzitsa akaidi, nthawi zina kudzera m'masewero, momwe angapemphere belo okha pamaso pa majisitireti. Ntchito yooneka yaing'ono, koma kwa amene wagona pa simenti miyezi itatu, ndi moyo.

Choncho ine ndikuti aphunzire, koma pali zinthu ziwiri zimene satifiketi siingamupatse. Choyamba, kudziwa malire ake. Mmisiri weniweni sachita manyazi kunena kuti "apa pandikanika, pitani kwa loya kapena ku Legal Aid." Woopsa ndi uja wovala tayi nkumalola anthu kumutcha loya pamene si loya. Chachiwiri, chikumbumtima. Tsiku lidzafika pamene wina adzamupatsa "ya Fanta" kuti fayilo isowe. Pa tsikulo mayeso a ku koleji sadzamuthandiza. Ndipo tinene zoona, digiri ya ku Zomba nayo simuteteza munthu ku yesero lomwelo.

Ndiye inde, malamulo ndi ntchito ya manja, pakuti amadutsa m'manja mwa anthu: dzanja lolemba sitetimenti, lodinda chidindo, lotsekula chitseko cha selo. Chofunika kufunsa nchakuti manjawo ndi oyera bwanji.

Fizi ya mphwanga uja ndalipira ndine. Ndangomupempha chimodzi: asadzaiwale kuti m'fayilo iliyonse muli munthu, ndipo munthuyo ali ndi amayi ake amene akudikira panja pa khoti.