Dzina Likapanda Kutuluka, Wachimwa Ndani?

Mfumu Davide italamula Yowabu kuti awerenge Aisraeli, mliri unagwa n'kupha anthu 70,000. Nkhaniyi ili pa 2 Samueli 24. Komatu m'Baibulo lomwelo muli buku la Numeri, momwe Mulungu mwini akutuma Mose kuchita kalembera. Ndiye kuwerenga anthu ndi tchimo kapena ayi?

Kwa Inkosi Champiti ku Ntcheu funsoli si la paguwa pokha. Anthu kumeneko, monga m'madera ena onse, amalembedwa kawirikawiri: ogula feteleza wotsika mtengo, olandira chimanga pa nthawi ya njala, a Mtukula Pakhomo womwe unayambira ku Mchinji mu 2006. Mayina amayambira m'kope la kumudzi koma amakathera pakompyuta, ndipo ambiri amadutsa m'mapulogalamu ngati Excel.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Tsamba limagawidwa m'timabokosi; mizere yotsika imadziwika ndi zilembo, yopingasa ndi manambala, moti C2 ndi kabokosi kamodzi. Munthu akalemba chizindikiro cha "=" kenako lamulo, makina amawerengera okha, ndipo nambala imodzi ikasintha yankho limasinthanso pompo. Luso limeneli linatchuka mu 1979 ndi VisiCalc ya Dan Bricklin ndi Bob Frankston. Excel inabwera mu 1985.

Tiyerekeze kalaliki ali ndi mabanja 40, kuyambira mzere wa 2 mpaka wa 41, ndipo walemba =SUM(C2:C41) kuti adziwe matumba oyitanitsa. Madzulo amfumu atumiza uthenga woti mayi wina wamasiye waiwalika. Kalaliki amulemba pamzere wa 42, koma lamulo lija salikhudza. Nthawi zina Excel imaika kachizindikiro kobiriwira pakona pochenjeza, ndipo maso otopa amangokadumpha. Masamu alondola, matumba abwera 40, mayi uja abwerera ndi chitenje chopanda kanthu atauzidwa kuti, "Amayi, ndi kompyuta imeneyo."

Zotere sizigwera akumudzi okha. Mu 2020 ku England anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake, chifukwa mtundu wakale wa fayilo ya Excel womwe ankagwiritsa ntchito unali ndi malire a mizere 65,536. Mu 2013 wophunzira wina, Thomas Herndon, anapeza kuti akatswiri a zachuma a ku Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anasiya mayiko asanu kunja kwa lamulo lawo pa kafukufuku wa ngongole za maboma, yemwe andale ankamutchula pofuna kuchepetsa ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito.

Apa m'pamene malemba amathandiza kusiyanitsa zinthu. Davide ankawerenga amuna ogwira lupanga, kuti adziwe kukula kwa mphamvu zake. M'busa wa pa Luka 15 nayenso anawerenga, apo ayi sakanadziwa kuti nkhosa zatsala 99, koma chiwerengerocho chinamutuma kukasaka imodzi yosowayo. Woyamba anafuna yankho la pansi pa tsamba. Wachiwiri anafuna kudziwa amene palibe. Excel ndi katswiri pa ntchito yoyambayo. Yachiwiriyo imafuna munthu wodziwa kuti kuseri kwa dambo kuli nyumba ya agogo osayenda.

N'chifukwa chake mlandu sungatsalire makina. Malire a lamulo anasankha ndi munthu, ndipo wosainira pepala ndi munthunso. Ngakhale Davide, ataona mliri, sanaloze Yowabu chala. Anavomera kuti wachimwa ndi iyeyo, n'kufunsa chomwe anthu wamba analakwa.

Alangizi ena amasindikiza mndandanda n'kupita nawo kubwalo la amfumu. Mayina amaitanidwa limodzilimodzi, ndipo akafika kumapeto pamamveka mawu kumbuyo: "Nanga a Nachisale aja bwanji?" Kalaliki amatsegula kompyuta, n'kusintha 41 kukhala 42.