Kodi a Zipani Ziwiri Angakumbe Citsime Cimodzi?

Mwa ophunzira khumi ndi awiri a Ambuye munali Mateyu wamsonkho, wotumikira boma lokhala pansi pa Aroma, ndi Simoni Zelote, wa dzina la anthu aja odana ndi ulamuliro wa Aromawo. Malembo sanena kuti Yesu anayamba wawagwirizanitsa maganizo asanawaitane. Anawapatsa nchito imodzi, ndipo anadya m'mbale imodzi.

Alipo ena amene ayesa kuti mtendere ndiwo kuti onse aganize cimodzimodzi. Dziko la Zambia linalawa njira imeneyo. M'caka ca 1972 boma la a Kenneth Kaunda linakhazikitsa cipani cimodzi cokha, ca UNIP, ndipo mu 1973 a Harry Nkumbula a ANC anabvomereza ku Choma. Ndeu za zipani zinacepa ndithu; komatu mantha analowa, pakuti munthu wosowa khadi la cipani nthawi zina anali kubwezedwa pamsika. Kukhala cete kwa munthu wamantha sikuli ciyanjano. Pamene zipani zinabwerera, mu July 1991 akulu a mipingo anakhazika a Kaunda ndi a Frederick Chiluba m'nyumba ya Mulungu ya Holy Cross ku Lusaka. Sanawapemphe kuti aleke kutsutsana, koma kuti atsutsane popanda mwazi. Pa masankho a caka comweco MMD inapambana m'dziko, pamene mipando yonse 19 ya cigawo ca Kum'mawa inapita ku UNIP. Ndipo wosankha mosiyana ndi mudzi wace anaoneka ngati mlendo pakati pa abale ace.

Tsono kwa Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, funso ili liyankhidwa ndi makasu. Njobvu yocokera ku Luangwa ikalowa m'munda, sifunsa mwini cimanga kumene anaponya voti. Pa maliro okumba manda sasankhidwa ndi cipani, ngakhale pa dima wolima. Lamulo la nyama za kuthengo la 1998 linapatsa midzi mphamvu yosankha bungwe loyang'anira nyama ndi ndalama zocokera kwa osaka, mfumu ikhala mtetezi wace. Apa ndipo pali yeso lenileni, cifukwa pamene pali ndalama cipani cifikapo msanga. Mkristu akaimika wacipani mnzace wa manja aatali, nasiya wokhulupirika wa cipani cina, waba kawiri: wabera mudzi, ndiponso walanda mnansi wace ulemu womuyenera.

Cotero kukonda cipani sikuli cimo, ngakhale kucinenera poyera pa bwalo, makamaka ponenera amasiye ndi osauka. Cimo liyamba pamene dirawo likumbidwa kufupi ndi nyumba za osankha bwino, ndipo nkhalamba ya tsidya lina iyendabe ndi mtsuko kukatunga kudambo. Wandale wa ku Lusaka afika pa galimoto, agawa citenje, nabwerera madzulo pa mseu waukulu wa Great East. Otsala ndiwo amene adzakumana mamawa pa citsime, ndi pa Mgonero tsiku la Sabata.