Kodi Kutumikira Luso la Mnzako Nkudzitaya?

M'dziko la Italy muli mtundu wa sewero wotchedwa opera, umene osewera ake amayimba m'malo molankhula. Sewero lotere limakhala ndi eni ake awiri: wolemba mawu ndi wopeka maimbidwe. Komatu anthu akamabalalika, dzina lomwe limakhala pakamwa ndi la wopeka maimbidwe yekha. Nanga wolemba mawu uja, amene wathera nzeru zake pa ntchito yotchukitsa mnzake, tinene kuti wadzitaya?

Taganizani za Arrigo Boito. Iyeyu adali mlakatuli, komanso ankapeka nyimbo payekha. Opera yake ya Mefistofele idakanidwa mu 1868, koma ataikonzanso idakondedwa mu 1875. Akadali mnyamata, mu 1863, adalemba ndakatulo yodandaula kuti luso lalowa pansi m'dziko lawo, ndipo Giuseppe Verdi, katswiri wamkulu wa nthawiyo, adamva ngati akunena iye. Chakukhosi chidakhala zaka zambiri kufikira wosindikiza nyimbo, Giulio Ricordi, adawayanjanitsa mu 1879. Apo Boito adayamba kulembera Verdi mawu a Otello, kuchokera m'sewero la Shakespeare.

Ntchitoyi siidali yongokopera ayi. Mawu oyimba amadya nthawi kuposa olankhula, choncho Boito adasiya gawo loyamba la Shakespeare, lochitikira ku Venice, kuti nkhani iyambire pa namondwe wa ku Cyprus. Wopanda khutu la nyimbo sakadadziwa podula.

Mayeso enieni adadza mu 1884. Nyuzipepala ina idalemba kuti Boito akudandaula kuti maimbidwe a Otello sakupeka yekha. Verdi atamva, adatumiza uthenga kuti ali wokonzeka kumubwezera mawuwo ngati mphatso. Mwayi wa ulemu wonse udali pakhomo, koma Boito adakana, nanenetsa kuti ntchitoyo ngoyenera Verdi yekha.

Ena adzati uku nkudzichepetsa, ena adzati ndi mantha. Ine ndikuona kuti kudali kudzidziwa, ndipo kudzidziwa kumapweteka kuposa kudzichepetsa, pakuti wodzichepetsa angathe kumadzinyenga mumtima kuti akadafuna akadapambana. Boito adayeza mphamvu zake, nayeza za mnzake, ndipo adasankha kuti sewerolo likome ngakhale dzina lake litsalire m'mbuyo. Otello idaonetsedwa ku La Scala, mumzinda wa Milan, mu 1887, ndipo Falstaff idatsatira mu 1893, Verdi ali pafupi kukwanitsa zaka 80.

Komabe tisathamangire kumuombera m'manja ngati kuti palibe chimene adataya. Nkosavuta kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Chovuta nkufunsa kuti denga likakwera, mwini mutu winawo agona kuti. Boito adali ndi opera yakeyake, Nerone, imene adalimbana nayo zaka makumimakumi. Kaya ndi ntchito ya Verdi idamudyera nthawi, kaya ndi kukayika kwake komwe, adamwalira mu 1918 asanaimalize. Anthu ena ndiwo adaitsiriza, ndipo Arturo Toscanini adaitsogolera ku La Scala mu 1924, mwini wake atagona kale zaka 6.