Wotumidwa ndi Mulungu ayambe wakhala pansi

Mipingo yambiri imatumiza achinyamata ake kumayiko akutali kukalalikira, ena kwa zaka ziwiri, ena kwa milungu iwiri yokha. Ulamuliro wa Soviet Union utatha mu 1991, anyamata ndi atsikana ochuluka ochokera ku America ndi ku Ulaya anakhamukira ku Ukraine, ambiri akuganiza kuti akupita kwa anthu amene chikomyunizimu chinawaiwalitsa Mulungu. Koma anakapeza mtundu umene unalandira ubatizo mu 988, pa nthawi ya mfumu Volodymyr wa ku Kyiv. Anakapeza agogo amene ankabatizitsa adzukulu awo mobisa, ndi mpingo wa Greek Catholic umene boma linauletsa mu 1946 koma unapirira mpaka unaonekeranso poyera mu 1989. Mnyamata wa zaka 20 akaima pamaso pa gogo wotere, atanyamula Baibulo, ndani mwa awiriwo ayenera kuyamba kumvetsera? Funso limeneli silachilendo kwa ife a ku Bowe, Mponela, Madisi ndi mapiri a Ntchisi, pakuti makolo athu ndiwo anali olandira alendo otere. Mfundo yanga ndi yakuti kudziwa anthu sichinyengo chotsegulira khomo kuti uthenga ulowe. Kudziwa anthu ndi gawo la uthengawo, ndipo amene walumpha gawo limeneli walalikira uthenga wopereweza.

Pa 28 November 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa anakhoma hema wawo ku Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni, Chiwere. Onse awiri anali asanakwanitse zaka 30. Sanangotulukira pamalopo: Murray anali atafika m'dziko muno mu 1888 ndipo anayamba wakhala ndi amishonale a Livingstonia kumpoto, kuona momwe ntchito imayendera, asanasankhe malo akeake. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe, dera la mfumu Msakambewa, ndipo mu 1896 ntchito inafika ku Nkhoma. Achinyamata amenewa analibe mphamvu yolamula munthu. Malo anachita kupempha, chakudya ankagula kwa eni mudzi, njira ankalondoleredwa, ndipo mawu aliwonse ankachita kufunsa ngati mwana wophunzira kuyankhula. Kusowa mphamvu kumeneku ndiko kunawapulumutsa. Munthu amene moyo wake uli m'manja mwa eni dziko amaphunzira msanga kulonjera, kudikira kuti apatsidwe mpando, kukhala pamaliro mpaka mwambo utatha, ndi kuzindikira kuti mfumu ikakhala chete sikuti yavomera.

Chipatso chachikulu cha kukhala pansi kumeneku chili m'nyumba zathu mpaka lero. William Hoppe Murray, amene anafika mu 1894, anathera zaka zambiri pa ntchito yomasulira Baibulo, mogwirizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922. Sanagwire yekha ntchitoyi. Pambali pake panali Amalawi monga Jonathan Sande ndi Ishmael Mwale, amene makutu awo ndiwo ankaweruza ngati chiganizo chamveka kapena ayi. Kumasulira kumachepetsa munthu wodzikuza, chifukwa tsiku lililonse mphunzitsi amasanduka wophunzira, ndipo amavomereza kuti anthu amene wabwera kudzawauza za Mulungu anali kale ndi mawu onena za Mulungu, nsembe, mlandu, chikhululukiro ndi mzimu. Anthu a ku Ukraine nawonso anadziwa Malemba kudzera m'chinenero cha Chisilavo chimene Cyril ndi Methodius anayamba kulembamo mabuku a mpingo atapita ku Moravia mu 863. Kulikonse kumene Chikhristu chinazika mizu, panali wina amene anayamba wamvetsera kwa nthawi yaitali.

Wina anganene kuti uthenga wabwino ndi umodzi kwa anthu onse, ndipo nthawi ndi yochepa. Anthu akufa tsiku ndi tsiku, nanga mlaliki atayirenji zaka akuphunzira miyambo ya eni? Nkhawa imeneyi ndi yachikondi ndipo siyenera kunyozedwa. Koma Malemba enieniwo sayenda mothamanga chotero. Yesu anakhala zaka pafupifupi 30 ku Nazarete, akudya, akugwira ntchito ndi kulira maliro pamodzi ndi anthu a kwawo, asanayambe kulalikira poyera. Paulo atafika ku Atene anayamba wayendayenda mumzinda kuona zimene anthu ankapembedza, ndipo ulaliki wake unayambira pa guwa la nsembe la eni mzindawo. Nkhani ya Petro ndi Korneliyo imapitirira apo, pakuti amene anayenera kusintha maganizo poyamba anali mtumwi, osati Mroma uja. Ngati Chikhristu chimaphunzitsa kuti Mulungu anapulumutsa anthu posanduka munthu wa mudzi wina, wa chinenero china, ndiye kuti wotumidwa amene safuna kudziwa mudzi ndi chinenero cha eni akutsutsa ndi moyo wake chimene akunena ndi pakamwa. Uthenga ndi umodzi ndithu, koma suuzidwa kwa khamu lopanda maina. Umauzidwa kwa mayi uyu amene mwamuna wake ali ku Joni ndipo sanatumize kanthu chaka chino, kapena kwa mlimi wa fodya uyu amene ngongole ya feteleza yamudyera phindu lonse.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo chimachokera kwa ife eni. Kodi kudziwa anthu sikungakhale ukazitape? Amishonale a ku Mvera, Kongwe ndi Nkhoma anaphunzira Chichewa bwino lomwe, komabe anagwiritsa ntchito nzeruzo polimbana ndi Gule Wamkulu, ndipo m'midzi yambiri ya Dowa ndi Ntchisi munabuka udani pakati pa a kudambwe ndi a kusukulu umene mabala ake sanapole mpaka lero. Mpingo umene unawatuma unali utalola kale mu 1857 kuti azungu ndi anthu akuda azipemphera padera. Ndipo ngakhale aphunzitsi ndi alaliki achikuda ndiwo anatsegula sukulu zam'midzi ndi kunyamula ntchito yambiri, panapita zaka 36 kuchokera mu 1889 kufikira 1925 pamene Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza anadzozedwa kukhala abusa oyamba achimalawi a mishoniyi. Zonsezi n'zoona, ndipo zimapweteka. Koma sizigwetsa mfundo yanga, zimangoonetsa pamene kudziwako kunalekezera. Pali kudziwa za munthu ndi kudziwana naye. Ungathe kudziwa malamulo onse a chinenero chake ndi maina a zilombo zake zonse, koma osadya naye m'mbale imodzi, osamulola kuti akudzudzule, osaganizako kuti tsiku lina angakhale mtsogoleri wako. Kudziwana kumafuna kuti nawenso udziwike, kufooka kwako kuonekere, ndipo mnzakoyo akhale ndi ufulu wokana. Pamene amishonalewo analola kumva, zinthu zinayenda mwina. Kuletsa chinamwali kunasiya atsikana achikhristu opanda wowalangiza, ndipo pozindikira zimenezi mpingo unakhazikitsa chilangizo, chimene alangizi a Sinodi ya Nkhoma akuchititsabe. Kumbali ya Akatolika, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni ku Mua mu 1976 atatha zaka akuphunzira kwa eni mwambo, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu onse.

Umboni wina woti olalikiridwa sanali mbiya zopanda kanthu zodikira kuthiridwa madzi uli pa Chibanzi, komwe kuno ku Dowa. Nyakwawa Msyamboza inali itayenda kale malonda akutali ndi kumanga mudzi wotchuka pa ulimi pamene inakumana ndi a mishoni ya Kongwe. Inawayesa, inaona chimene chingathandize anthu ake, ndipo inalandira sukulu ndi chikhulupiriro mwa kufuna kwake. Amene anasunga mbiri imeneyi sanali mzungu koma Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, amenenso analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Mlendo ngakhale atakhala zaka 40 sakanalemba momwe Nthara analembera. Ichi chimaika malire pa zimene wotumidwa angayembekeze: sadzawadziwa anthu kuposa momwe eni akudzidziwira, ndipo ntchito yake imakhwima pamene eni ayamba kudzifotokoza okha, iye n'kukhala womvera.

Nanga achinyamata a masiku ano obwera kwa milungu iwiri, amene amapenta tchalitchi, kujambula zithunzi ndi ana n'kubwerera kwawo? Sindikunena kuti aleke kubwera. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo maso atsopano amaona zimene eni anazizolowera. Koma ulendo wotere uzitchedwa dzina lake loona, ulendo wodzaphunzira, ndipo uziyendetsedwa ndi mpingo wolandira, osati wotumiza. Abusa ndi akulu a mpingo a kuno ali ndi udindo wonena kuti mlendo asakwere pagome Lamulungu loyamba, agone kunyumba ya mkhristu m'malo mwa malo ogona alendo ku Lilongwe, apite kudimba, akhale nawo pamaliro, ndipo asajambule munthu wodwala kapena mwana wamasiye popanda chilolezo. Chimodzimodzinso wopita ku Ukraine lero, dziko limene lakhala pankhondo yaikulu kuyambira mu 2022 ndipo likukumbukirabe njala ya 1932 ndi 1933 imene inapha anthu mamiliyoni, sayenera kufulumira kuuza wamasiye tanthauzo la masautso.

Mlanduwu ukutikhudza ifenso, chifukwa Amalawi tinasanduka otumiza kalekale. Alaliki athu anatsatira anthu opita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene Vlok anasamukira mu 1912, ndipo lero magulu a achinyamata a m'mipingo yathu amakwera malole kupita kuchitsitsimutso m'midzi ya Ayao ku Salima ndi Mangochi kapena kutsidya ku Mozambique, nthawi zina osadziwa ngakhale moni wa eni. Pafupi pomwepa pali Dzaleka, imene inali ndende ya andale ndipo inasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994. Mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ali ndi matchalitchi awo, makwaya awo ndi abusa awo amene anapemphera ali m'njira yothawa nkhondo. Gulu la achinyamata la ku Bowe kapena Mponela lofuna kukatumikira kumeneko liyambe laphunzira kulonjera m'Chiswahili ndi Chikirundi, likapemphe malo pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi cha eni, ndipo libwererekonso mwezi wotsatira.