Nyengo Zisanu ndi Imodzi za Dziko: Kodi Munthu Angawerenge Tsiku la Mulungu?

Pa 17 Disembala, ndiponso pa Misa ya madzulo olowera Krisimasi, Eklezia amawerenga mutu woyamba wa Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera. M'matchalitchi a ku Namitete ndi ku Nambuma, ngakhalenso m'tinyumba ta mapemphero ta ku Kabudula ndi ku Nsaru kumene mphunzitsi amatsogolera popanda wansembe, Akristu amamva mndandanda wautali wa maina: uje adabala uje, ujeyo nabala uje, kuyambira Abrahamu kufikira Yosefe, mwamuna wa Maria. Ambiri amangodikira kuti mainawo athe, mtima uli ku munda kumene udzu wayamba kupikisana ndi chimanga. Koma potsiriza Mateyo amaika chiwerengero: mibadwo 14 kuchokera kwa Abrahamu kufika kwa Davide, 14 kufika pa ukapolo wa ku Babiloni, ndi 14 inanso kufika kwa Kristu.

Pamenepo munthu woganiza amafunsa: ngati Mulungu adayala mbiri ya anthu m'zigawo zolingana chotere, kodi sikungatheke kuziwerenga ndi kudziwa chaka chimene dziko lidzatha? Funsoli si lachibwana ai. Munthu amene wakhulupirira kuti kwatsala zaka ziwiri sabzala mtengo, salipirira mwana sukulu, ndipo mbuzi zake amazigulitsa pa mtengo wozizira.

Eklezia sakana kuti mbiri ya chipulumutso ili ndi nyengo zake. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, adalemba cha m'ma 400 kabuku kothandiza ophunzitsa akatekumeni, ndipo m'menemo adagawa mbiri ya dziko pasanu ndi kamodzi: kuchokera kwa Adamu kufika kwa Nowa, kwa Nowa kufika kwa Abrahamu, kwa Abrahamu kufika kwa Davide, kwa Davide kufika ku Babiloni, ku Babiloni kufika kwa Kristu, ndipo yotsiriza, kuchokera kwa Kristu kufikira Iye adzabweranso. Nyengozo adazifanizira ndi masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe, otsatidwa ndi mpumulo wa Sabata. Adazifaniziranso ndi moyo wa munthu, umene umayamba ndi ukhanda nutha ndi ukalamba.

Alembi ena akale adapitirira pamenepo. Poona kuti Salimo 90 ndi kalata yachiwiri ya Petro Woyera zimalinganiza zaka 1,000 ndi tsiku limodzi pamaso pa Mulungu, adati dziko lidzakhala zaka 6,000, ndipo pambuyo pake oyera adzalamula pansi pano zaka 1,000. Augustino adavomera yekha kuti maganizo otere adamkopako kale, koma adawasiya. Iye adayeza nyengo ndi mibadwo, osati ndi zaka: ziwiri zoyamba mibadwo 10 iliyonse, zitatu zotsatira mibadwo 14 iliyonse. Za yachisanu ndi chimodzi adaphunzitsa kuti ilibe muyeso umene munthu adauzidwa, monga momwe nkhalamba siidziwa ngati ukalamba wake udzatha mawa kapena zitapita zaka 20.

Komabe chala cha munthu sichitopa kuwerenga. Joachim wa ku Fiore, mkulu wa amonke ku Italy amene adamwalira m'chaka cha 1202, adatenga mibadwo 42 ya Mateyo naipatsa zaka 30 uliwonse. Omtsatira adayembekeza nyengo yatsopano m'chaka cha 1260, chakacho nkudutsa monga zinzake. M'chaka cha 1650 James Ussher, arkiepiskopi wa mpingo wa Anglican ku Ireland, adaphatikiza zaka za makolo a m'Baibulo napeza kuti dziko lidalengedwa zaka 4004 Kristu asanabadwe. Zaka 6,000 za chiwerengero chimenecho zidakwana chaka cha 2000 chisanafike, dzuwa nkumatulukabe.

Dziko la Malawi nalonso lidalawako. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Livingstonia, adalandira chiphunzitso cha Charles Taze Russell kwa Joseph Booth ku South Africa, nabwerera kwao ku chigawo cha Nkhata Bay m'chaka cha 1908. Adalalika kuti ufumu wa Kristu udzafika m'chaka cha 1914 ndi kuti msonkho udzatha. Pa miyezi yowerengeka adabatiza anthu oposa 9,000, boma la atsamunda nkumchotsa m'dziko m'chaka cha 1909. Anthuwo sadali opusa: msonkho udali kuwawawa ndithu, ndipo ludzu lao la chilungamo lidali loona. Koma chaka cha 1914 chidabweretsa nkhondo, amuna ambiri nkugwidwa utengatenga. Pambuyo pake a Mboni za Yehova adalengeza kuti zaka 6,000 za anthu zidzakwana m'chaka cha 1975, ndipo ambiri adayembekeza zazikulu zimene sizidaoneke. Izi sizikunenedwa monyoza, pakuti anthu amenewo adazunzika koopsa m'dziko muno pamene adaletsedwa kuyambira 1967 kufikira 1993, ndipo Mkristu woona saseka bala la mnzake. Zikunenedwa kuti aliyense aone kuti samu yomweyo yalephera kawirikawiri m'manja mwa anthu osiyanasiyana.

Chifukwa chake nchiyani? Choyamba, manambala eniakewo sagwirizana. Kuchokera kwa Adamu kufika pa chigumula, Baibulo la Chihebri limapereka zaka 1,656, pamene la Chigriki, limene Akristu oyamba ankawerenga, limapitirira zaka 2,200. Chachiwiri, Mateyo adadumpha maina: pakati pa Yoramu ndi Uziya adasiya mafumu atatu, Ahaziya, Yowasi ndi Amaziya, amene mabuku a Mafumu amawatchula. Chingwe chimene mwini wake adachifupikitsa dala sichingayezere munda. Chachitatu, Petro Woyera sadapereke lamulo la masamu. Adafuna kunena kuti Mulungu samangidwa ndi nthawi, ndi kuti kuchedwa kwake ndi kuleza mtima kopatsa wochimwa danga la kulapa. Ambuye Yesu mwini wake, atafunsidwa ndi Apostoli asanakwere kumwamba, adawayankha kuti nthawi ndi nyengo zili m'manja mwa Atate, nawatuma ku ntchito ya umboni. Nchifukwa chake Eklezia adanena m'chaka cha 1944 kuti chiphunzitso cha ufumu wooneka wa Kristu pansi pano chiweruzo chisanafike sichingaphunzitsidwe popanda kusokeretsa anthu, ndipo Katekisimu wa 1992 adabwerezanso mau amenewo.

Nanga mndandanda wa mainawo ngwa ntchito yanji? Mchewa sayenera kuvutika nalo funso limeneli. Mfumu ikamwalira, mbumba imakhala pansi, ndipo amai achikulire amalondola mzere: uje adabadwa mwa uje, mlongo wake wa uje. Palibe amene amawafunsa kuti zonsezo zidatenga zaka zingati, ndipo akadumpha dzina limodzi mlandu suonongeka. Chimene akufuna nkusonyeza mwini dzina woyenera kulowa ufumu. Mateyo adachita chimodzimodzi: adasonyeza kuti Yesu ndiye mwini mpando wa Davide ndi wolandira lonjezo la Abrahamu. Akatswiri ambiri amakumbutsanso kuti m'Chihebri zilembo za dzina la Davide zikawerengedwa ngati manambala zimakwana 14. M'mzere umenewo muli Tamara, Rahabu, Rute mlendo wa ku Mowabu, ndi mkazi wa Uriya. Muli mafumu olungama ndi mafumu oipa. Phunziro lake ndi lakuti Mulungu sadataye lonjezo lake ngakhale lidadzera m'banja lokhala ndi zipsera, ndipo mau amenewa ngotonthoza banja lililonse la ku Mpingu kapena ku Nsaru limene lili ndi manyazi ake.

Wina adzati: nanga zizindikiro? Njala ya 1949, njala ya 2002, namondwe wa Freddy wa 2023, nkhondo zosatha, kodi zonsezi sizikulankhula? Zikulankhuladi, koma zikunena kuti dziko lino nlosakhalitsa, osati kuti litha chaka chakuti. Augustino adaona mzinda wa Roma utafunkhidwa m'chaka cha 410, namwalira m'chaka cha 430 adani atazinga mzinda wake womwe. Komabe sadatchule tsiku. Paulo Woyera atamva kuti Akristu ena a ku Tesalonika aleka ntchito, ena nkumati tsiku la Ambuye lafika, adawalamula kugwira ntchito mwakachetechete ndi kudya za thukuta lao.

Choncho mphunzitsi aziphunzitsa nyengo zisanu ndi imodzi popanda mantha, pakuti zimathandiza mkatekumeni kusunga mbiri yoyera m'mutu ndi kuona dzanja la Mulungu m'menemo. Koma wina akabwera ndi pepala la masamu, amuyankhe mofatsa kuti nyengo yotsiriza idayamba kale ku Betelehemu, ndipo mapeto ake ngobisika. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Wokonzeka weniweni ndi uja amene wayanjana ndi mbale wake, wabweza ngongole, walapa machimo ake, nadzuka m'mamawa kukapalira chimanga chimene mwina adzakolola ndi ana ake.